Chifanizo cha Agogo: Tichiwotche, Tichigulitse Kapena Tichisunge?

Inu a ku Satemwa, ku Conforzi, ku Makwasa ndi m'malaini monse. Tsitsani kaye dengu la tiyi, timve Mawu.

Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, ndipo Chikatolika chinafalikira mpaka kuno ku Thyolo. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri muli kachifanizo ka Maria, mtanda kapena korona zimene agogo anasiya. Zakalamba, utoto unasuluka. Koma ku Ulaya kuli anthu amene amasonkhanitsa zifanizo zakale ngati zimenezi, amazigula n'kuzindandalika pa shelefu. Ndiye ana a Mulungu akufunsa: Abusa, ife tinabadwa mwatsopano, titani nacho?

Tsegulani Numeri 21. Njoka yamkuwa ija anailamula ndi Mulungu mwini, Mose n'kuipanga. Aisraeli anaisunga zaka mazanamazana. Koma pa 2 Mafumu 18:4 mfumu Hezekiya anaiphwanya. Chifukwa chiyani? Anthu anayamba kuifukizira lubani. Mwamva? Mkuwa sunasinthe ayi, unasintha ndi mtima wa anthu. Nenani Amen!

Tsono funso langa ndi ili: mwana akatentha thupi pakati pa usiku, mumathamangira kuti? Ngati bondo lanu likugwada pamaso pa chifanizo, chichotseni m'nyumba lero lomwe. Chinthu chimene munthu angachiikire mtengo wa makwacha sichingakupulumutseni. Wopulumutsa ndi Yesu yekha.

Komanso enanu mumachiopa, mumati umphawi wanu ukuchokera m'kachifanizo kameneko. Mbale wanga, ndi dothi, ndi mtengo wosema. Werengani 1 Akorinto 8. Chilibe mphamvu yodalitsa, chilibenso mphamvu yotemberera.

Ndiye musapite kukachiphwanya pamaso pa amayi anu amene akupempherabe ku Katolika. Kwa iwo ndi chikumbutso cha mayi wawo wowabereka. Mukachitentha, mwatentha ndi njira yomwe yowalalikira. Chiperekeni mwaulemu kwa abale anu Achikatolika, kapena chibwezeni ku parishi. Ndipo wina akabwera ndi ndalama, musagulitse mobisa katundu wa banja lonse. Kumeneko n'kuba, ngakhale mutachotsapo chakhumi.

Tiyeni tipemphere. Atate, yeretsani mitima yathu, tigwadire Inu nokha, ndipo mutiphunzitse kulemekeza makolo athu. M'dzina la Yesu, Amen.