Utsi wa pamafuwa ndi mapapo a ana athu

Tasonkhana pa mwambo uno lero, pa 12 Novembala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a chibayo.

Mwana akayamba kutsokomola ndi kutuluka mamina, timati ndi chisanu, kapena timati chimfine chikuyenda m'mudzi. N'zoona, chimfine chimabwera ndi kachilombo. Koma lero ndikufuna tikambe za chimene chimatsegulira kachilomboko njira, ndicho utsi.

Mukabwerera kunyumba mukalowe m'khitchini, mukayang'ane kudenga. Mwaye wakuda umene wamata udzu ndi mitengo uja unadutsa kaye pamphuno pa mayi wophika. Mayiyo akawerama kukoleza nkhuni zaziwisi, maso ali misozi, mwana ali kumbuyo amapuma utsi womwewo, ndipo iye amapuma mofulumira kuposa wamkulu.

Mu utsimo muli tifumbi tosaoneka ndi maso, tochepa pafupifupi maulendo 30 kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Njira za mpweya m'chifuwa mwathu zili ndi tiubweya timene timasesa fumbi ndi tizilombo. Utsi umafooketsa tiubweyato n'kutupitsa njirazo. Kachilombo kakafika kamapeza posateteza, ndipo chimfine chimene chikanatha m'masiku ochepa chimatsikira m'mapapo n'kusanduka chibayo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, mwa iwo ana osafika zaka zisanu oposa 237,000.

Inu a ku Chikwawa munaphunzitsako dziko lonse pa nkhaniyi. Midzi ya kuno ndi ya ku Karonga inachita nawo kafukufuku wotsogozedwa ndi Liverpool School of Tropical Medicine, wokhudza ana oposa 10,000. Mabanja ena analandira mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, ena anapitiriza kuphika pamafuwa. Zotsatira zitatuluka kumapeto kwa 2016, zinaonetsa kuti chibayo sichinachepe pakati pa ana a m'mabanja olandira mbaulawo.

Tisamve ngati mbaula n'zopanda ntchito. Chitetezo mbaula imapulumutsa nkhuni ndi mitengo yathu. Phunziro la kafukufukuyu n'lakuti mwana sapuma utsi wa m'khitchini wokha. Amapumanso utsi wa zinyalala ndi mapulasitiki otenthedwa kuseri kwa nyumba, wa tchire lotenthedwa posaka mbewa, wa uvuni ya njerwa, wa koloboyi, ndi wa fodya amene bambo akusuta pakhonde. Kuchotsa utsi umodzi n'kusiya inayo, mwana sanapulumuke.

Choncho ndili ndi mapempho. Amayi, yanikani nkhuni ziume, phikirani podutsa mphepo, ndipo mwana akhale ndi agogo kapena mkulu wake kutali ndi moto. Abambo, boolani mawindo m'khitchini, ndipo fodya musasutire pamene pali ana. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wake sununkha koma umapha. Mafumu athu, ikani malamulo a m'mudzi oletsa kutentha tchire ndi mapulasitiki.

Katemera woteteza ku chibayo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, ndipo ndi waulere kusikelo. Mwana aliyense amalize. Mukaona mwana akupuma mothamanga, m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati, akukana bere kapena wafooka, musati tione mawa. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikuthokoza alangizi a zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo m'dzuwa la kuno kuchigwa. Tiwathandize pochita zimene amatilangiza.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.