Kuyesa Mankhwala a Mapazi Otentha

Ambiri a inu mudziwa munthu amene usiku atulutsa mapazi kunja kwa bulangeti chifukwa atentha monga waponda makala, kapena alasa monga singano. Kawirikawiri nthenda imeneyi ichokera ku timitsempha tating'onoting'ono ta m'khungu, timene tidziwitsa munthu kutentha, kuzizira ndi ululu. Tikaonongeka tinena bodza, ndipo munthu amva moto pamene moto palibe.

Madokotala ena anaganiza kuti mwa odwala ena thupi lomwe ndilo lilimbana ndi timitsempha take, nayamba kuwapatsa mankhwala ochedwa immunoglobulin. Mankhwalawa achokera m'magazi a anthu zikwi zambiri, alowa m'thupi pa diripi, ndipo mtengo wake ngwaukulu ndithu. Odwala ena anati apeza bwino. Koma kodi anawachiza ndi mankhwalawo?

Pofuna kudziwa zoona, madokotala a ku Maastricht, m'dziko la Holland, anasankha odwala 60 amene gwero la nthenda yao silinapezeke, nawagawa pawiri mwa maere. Anthu 30 analandira immunoglobulin, ndipo 30 enawo analandira madzi a mchere chabe. Wodwala ngakhale dokotala womuyang'anira sanadziwe amene walandira chiani. Aliyense anaikidwa diripi kanai, ndipo patapita milungu 12 anawerenga zotuluka zake. Ululu unachepa mwa anthu 4 pa 10 alionse a mankhwala, ndiponso mwa anthu 3 pa 10 alionse a madzi a mchere. Kusiyana kochepa kotere kungathe kudza mwa mwai chabe. Chotero m'chaka cha 2021 analengeza kuti mankhwalawa sanathandize odwala otere.

Taonani, ena anapeza bwino atalandira madzi okha! Nchifukwa chake mau a munthu mmodzi akuti "ine anandichiza" sakwanira, ndipo musagulitse mbuzi zanu pa mau otere.

Kuno kwathu mapazi otentha kawirikawiri ali ndi gwero lodziwika: nthenda ya shuga, kachilombo ka HIV, mowa wambiri, kusowa kwa vitamini B12, kapena mankhwala a TB ochedwa isoniazid. Zimenezi achipatala angathe kuzifufuza ndi kuzithandiza. Pitani msanga akakuyeseni magazi. Ngati muli pa mankhwala a TB musawaleke, koma uzani adokotala, pakuti pali vitamini B6 woteteza mitsempha.

Aphunzitsi, kanenani zimenezi kwa makolo.