Masamu a Nkhani: M'mene Makolo Angathandizire Ana Ao

 Lero ndifuna kuceza nanu za masamu, makamaka mafunso aja olembedwa monga kankhani, amene agwetsa ana athu ambiri pa mayeso otsiriza a ku pulaimale, aja tinazolowera kuwachula kuti mayeso a Giredi 7.

Ndiyambe ndi cimene ndinaona ndi maso anga pamene ndinali kuphunzitsa. M'kalasi mwanga munali mtsikana amene amai ace anali ndi kantemba pakhomo. Akaweruka ku sukulu, iyeyo ndiye anali kugulitsa tomato, mafuta ophikira ndi timapaketi ta ufa tija timati pamela. Munthu akagula zinthu zitatu napereka K50, mwanayo anali kubweza cenji cokwanira, osalakwa ngakhale ngwee imodzi, wopanda pensulo kapena pepala. Koma nditalemba funso lofanana nalo pa bolodi m'Cingerezi, iye anangophatikiza manambala onse amene anaona, nalakwa. Atate ace anadza kwa ine ali okwiya, nati mwanayo ngouma mutu. Sizinali tero ai. Kuwerengera anali kukudziwa bwino lomwe. Cimene cinamsowa ndi kumva nkhani imene inabisala m'mau acilendowo.

Tiyeni tione cifukwa cace. Mayeso amenewa akonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983, ndipo pepala la masamu lilembedwa m'Cingerezi. Kuyambira mu 2014 ana anali kuphunzira m'cilankhulo ca m'dera lao kufikira Giredi 4, ndipo kuno ku Lusaka cinali Cinyanja. Cingerezi cinali kutenga malo pa Giredi 5. Dongosolo latsopano la maphunziro limene linayamba mu 2025 liri kusintha zinthu pang'onopang'ono, koma vuto la mwana likadali lomwelo: pakhomo alankhula Cinyanja, Cibemba kapena Citonga, pa mayeso awerenga Cingerezi. Ndiponso kuyambira mu 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi anadzaza kwambiri. Inde, caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, komabe mphunzitsi mmodzi sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense payekha. Nchito imeneyo yatsalira ife a pakhomo.

Wina adzati, "Nanga ine amene sindinapite patali ndi sukulu ndingathandize bwanji?" Musade nkhawa. Mu 1977 mphunzitsi wina wa ku Australia, dzina lace Anne Newman, anafufuza kumene ana amalakwira pa mafunso otere. Iye anapeza kuti mwana ayenera kuoloka makwerero asanu, ndi kuti ambiri amagwa asanafike n'komwe pa kuwerengera. Makwererowo tingawasandutse mafunso asanu amene kholo lirilonse lingafunse. Loyamba: "Tandiwerengera funsolo mokweza." Laciwiri: "Tandiuza m'cilankhulo cathu, nkhaniyi iti ciani, ndipo afuna ciani?" Lacitatu: "Udzacita bwanji kuti upeze yankho?" Lacinai: "Tacita tsono, ndipo uzindiuza cimene uli kucita." Lacisanu: "Lemba yankho lako, ndipo undiuze ngati liri la nzeru." Pamene mwana ayamba kudodoma, pomwepo ndi pamene pali nthenda. Funso laciwiri ndilo lalikulu koposa onse, ndipo silifuna satifiketi.

Tiyese ndi citsanzo. Mai wina agula matumba 3 a makala pa Soweto Market, thumba lirilonse K140. Awagawa m'timapulasitiki 60, nagulitsa kalikonse K10. Kodi phindu lace ndi zingati? Musalole mwana kugwira pensulo msanga. Mfunseni, "Maiyu watulutsa zingati m'citenje? Zalowa zingati?" Mwana wa m'komboni adziwa bwino kuti phindu ndi cimene citsala ukabweza ndalama zoodera. Motero adzapeza K420 yotuluka, K600 yolowa, ndi phindu la K180. Koma taonani: pa mayeso amenewa mwana amasankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, ndipo okonza mafunso otere amaika dala mayankho amene mwana wothamanga angapeze. Iye amene aiwala kuti matumba anali atatu adzapeza K460, ndipo akaiona pa pepala adzakondwa, osadziwa kuti wagwa m'mbuna.

Cinthu cina coopsa ndi kuphunzitsa ana kuti liu lakuti-lakuti litanthauza kuphatikiza nthawi zonse. Ambiri anauzidwa kuti akaona liu lakuti "more" aphatikize, akaona "left" acotse. Tamvani funso ili: mnyamata ali ndi K45, ndipo ndalama zace ziposa za mlongo wace ndi K15, mlongoyo ali ndi zingati? M'Cingerezi funsoli lidzakhala ndi "more", ndipo mwana wosaka mau adzayankha K60. Koma mukamfunsa kuti, "Kodi ali ndi zambiri ndani?" adzaona yekha kuti mlongoyo ndiye ali ndi zocepa, ndiye kuti K30. Nalonso liu lakuti "left" nthawi zina linena zotsala, nthawi zina linena kumanzere. Cifukwa cace mwana aphunzire mau a Cingerezi monga "each", "altogether", "share" ndi "difference" ali m'kati mwa nkhani. Mugulireni kabuku kakang'ono kolembamo liu lirilonse limene lamvuta, pamodzi ndi ciganizo cace conse ndi tanthauzo lace m'cilankhulo ca pakhomo.

Tsono za funso lacisanu lija, lakuti yankho likhale la nzeru. Ana 50 afuna kupita ku Munda Wanga ku Chilanga, ndipo minibasi imodzi inyamula ana 16. Kodi pafunika maminibasi angati? Mwana adzagawa bwino napeza 3, kutsala 2, ndipo adzalemba 3. Mfunseni mofatsa, "Nanga ana awiri otsalawo tiwasiye pa siteshoni?" Adzaseka, nalemba 4. Inunso a ku migodi muli naco citsanzo canu. Munthu alowa nchito ya usiku pa 22:00 naturuka pa 06:00. Wagwira maola angati? Mwana wongocotsa manambala adzati 16. Muuzeni awerenge pa zala kuyambira pamene mucoka kufikira pakati pa usiku, ndiye maola 2, ndi kuyambira pamenepo kufikira mmawa, ndiye maola 6. Onse pamodzi ndi 8, ndipo mwana amene amaona atate ace akubwera mbandakuca sadzaiwalanso.

Sikofunika kugula mabuku odula kuti muyambe. Mafunso ali ponseponse pakhomo panu. Mukamtuma kukatunga madzi pa mpope wolipira, mfunseni kuti zigubu za malita 20 zifunika zingati kudzaza diramu la malita 200. Inu oumba mabuloko ku Kalingalinga, mpatseni ciwerengero ca mabuloko oturuka m'thumba limodzi la simenti, apeze matumba ofunika pa cipupa conse. Ndipo nthawi zina mtembenuzireni nchito: mpatseni manambala monga 7 ndi 12, iye apeke nkhani yace. Mwana wodziwa kupeka funso saopanso funso la mnzace. Zonsezi zicitika ndi pakamwa pokha, ngakhale magetsi atazima, monga anali kuzimira masiku ambiri mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba. Pambuyo pace, mkulu wace wa ku sekondale amwerengere mafunso a zaka zapitazo m'Cingerezi, koma asamuuze yankho; afunse mafunso asanu omwewo.

Potsiriza ndikupemphani zinthu ziwiri. Coyamba, musadikire mwezi wa mayeso. Akulu anati mmera mpoyamba; mafunso awiri kapena atatu madzulo alionse, kuyambira mwana ali m'Giredi 4 kapena 5, aposa kumkhazika usiku wonse sabata lotsiriza. Caciwiri, musamkalipire kapena kumkwapula akalakwa. Mwana wamantha amaleka kuwerenga nkhani, nangolota yankho kuti acoke pamaso panu msanga, ndipo cizolowezi cimeneco ndico adzapita naco m'cipinda ca mayeso.

Mtsikana uja wa pa kantemba, atate ace anavomera kuyesa njira imeneyi. Iwo Cingerezi sanali kucidziwa bwino, koma madzulo alionse anali kumuuza kuti, "Tandifotokozera m'Cinyanja." Pakutha pa temu mwanayo anali ataleka kuphatikiza manambala mwacisawawa, ndipo anayamba kufunsa yekha kuti, "Kodi pano afuna ciani?" Yesani inunso usiku uno ndi funso lija la makala, ndipo mumvetsere bwino pamene mwana wanu adzayamba kudodoma.