MAKINA A CHIPATALA: NZERU ZILIPO, KOMA ZIFUNA NDALAMA ZA PAKHOMO



Nkhani ya lero ndi ya makina a m'chipatala, ya mainjiniya amene amaŵapanga ndi kuŵakonza, ndiponso ya ndalama zimene zimayendetsa kafukufuku wao. Ena angaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu ophunzira okha. Iai ndithu. Ndi nkhani ya mai aliyense amene wabereka mwana masiku asanakwane, naima pambali pa kama kumaŵerenga mpweya wa khanda lake.

Kwa zaka zambiri zipatala za m'maiko osauka zakhala zikulandira makina opangidwira maiko ozizira, kumene magetsi sathima ndipo fumbi sililoŵa m'nyumba. Makina otere akafika kuno amagwira ntchito miyezi yochepa, kenaka nkuunjikidwa m'chipinda chifukwa chosoŵa kachitsulo kamodzi. Mu 2011 akatswiri a pa Duke University ku America anaŵerenga makina oposa 100,000 m'maiko 16, napeza kuti 38 mwa makina 100 aliwonse anali akufa. Zifukwa zazikulu zinali kusoŵa kwa anthu odziŵa kuŵagwiritsa ntchito, kuŵasamala ndi kuŵakonza.

Mankhwala a vuto limeneli anaoneka mumzinda wa Blantyre. Lipoti la mu 2012 linaonetsa kuti m'Malaŵi ana 18 mwa ana 100 aliwonse ankabadwa masiku asanakwane, chiŵerengero choposa cha dziko lina lililonse pa nthaŵiyo. Ana otere mapapo ao amakhala osakhwima, ndipo ambiri amatsirizika chifukwa cholephera kupuma. Makina oŵathandiza, otchedwa CPAP, ankagulidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 6,000. Pamenepo madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth, pamodzi ndi Dr. Elizabeth Molyneux, anagwirizana ndi aphunzitsi aŵiri a pa Rice University ya ku Houston, Mai Rebecca Richards-Kortum ndi Mai Maria Oden, kuti apange makina oyenera zipatala za kuno.

Makinawo anaŵatcha dzina la Chicheŵa lakuti Pumani. Kapangidwe kake nkosavuta kumva. Timapampu tonga tija topopera mpweya m'mabokosi oŵetera nsomba timakankha mpweya wosakaniza ndi okosijeni kupita m'mphuno mwa khanda. Paipi yotulutsa mpweya imamizidwa m'botolo la madzi, ndipo kuya kwa madziwo ndiko kumalamula mphamvu ya mpweya umene umasunga mapapo kuti asafote. Zotsatira za kafukufuku zimene zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti mwa makanda 100 opuma movutika, 71 anachira pa makinaŵa, pamene pa okosijeni yekha anachira 44. Pambuyo pake Pumani anafika m'zipatala za m'maboma ndi m'maiko ena ambiri.

Phunziro lake ndi ili: dziko lililonse liri ndi mphamvu yake, ndipo kafukufuku amabala zipatso akamera pa mphamvu imeneyo. Dziko la South Africa lidatchuka pa makina ounika m'thupi. Allan Cormack, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1979 chifukwa cha makina a CT, anayamba maganizo ake pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, ndipo makina a Lodox, ounika thupi lonse la munthu wovulala, anachokera ku makina ofufuzira akuba diamondi m'migodi. Mphamvu ya Malaŵi siili m'mafakitale aakulu. Ili pa kuyandikana kwa wodwala, dokotala ndi injiniya. Ku Blantyre chipatala cha Queen Elizabeth, sukulu ya ukachenjede ya KUHeS, ndi ya MUBAS imene kale inali Polytechnic, zili mtunda woyenda pansi. Ku Thyolo kuli sukulu ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo nayo imaphunzitsa uinjiniya wa zipangizo za chipatala. Wophunzira angathe kuona vuto mu wodi m'maŵa, masana nkukayesa yankho lake pa benchi.

Tsono funso lalikulu ndi la ndalama. Mbiri ya Pumani iyenera kuŵerengedwa mosabisa mau. Ndalama zoyesera ndi kufalitsa makinaŵa zinachokera ku thumba la Saving Lives at Birth, limene ena mwa oliponyera anali USAID, Boma la Norway, Gates Foundation ndi Grand Challenges Canada. Mu 2013 ntchitoyi inapata mphotho ya madola 400,000 kuchokera ku kampani ya GSK ndi bungwe la Save the Children. Chaka chomwecho aphunzitsi aŵiri aja anapereka mphotho yao ya Lemelson-MIT, ya madola 100,000, kuti ikuze chipinda cha makanda pa Queen Elizabeth. Mu 2017 MacArthur Foundation inaonjezera madola 15 miliyoni, ndipo mu 2019 inakhazikitsidwa ntchito ya NEST360 m'Malaŵi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendoŵa ayenera kuthokozedwa. Koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Mu 2025 Boma la America linatseka bungwe la USAID, ndipo ntchito zambiri za umoyo mu Africa zinagwedezeka.

Chifukwa chake nkofunika kuti Boma, makampani ndi masukulu a ukachenjede aike ndalama zao pa ntchitoyi. Njira yake ilipo kale. Atsogoleri a Africa anagwirizana ku Lagos mu 1980 kuti dziko lililonse liziika gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chake pa sayansi. Lamulo la Malaŵi la mu 2003 linakhazikitsa bungwe la National Commission for Science and Technology pamodzi ndi thumba la ndalama za kafukufuku. Thumba lopanda kanthu siliima, choncho aphungu ndi akuluakulu a ku Unduna wa Zachuma ayenera kulikumbukira chaka ndi chaka.

Ogwira ntchito m'Boma nawonso ali ndi udindo. Wolemba ndondomeko ya chuma cha chipatala asaiŵale ndalama zokonzera makina ndi zogulira zitsulo zosinthira. Wogula katundu wa Boma afunse kaye ngati chipangizocho chingapirire fumbi, kutentha ndi kuthima kwa magetsi, ndiponso ngati alipo munthu wodziŵa kuchikonza. Wolemba anthu ntchito atsegule malo a mainjiniya m'zipatala za m'maboma, kuti achinyamata amene dziko laŵaphunzitsa asathaŵire kunja. Ndipo ofufuza azilemba mapempho a ndalama mogwirizana ndi anzao a ku Uganda, Kenya ndi South Africa, popeza mutu umodzi susenza denga.

Khanda lobadwa usiku uno ku Nsanje kapena ku Chitipa silingadikire kuti mlendo abwerenso. Lifuna makina amoyo, namwino wophunzitsidwa, ndi injiniya amene ali pafupi.