Za Ana Opita Kukaphunzira ku Tromsø, Kumene Dzuwa Limabisala Miyezi Iwiri

Mau oyankhulidwa pa msonkhano wa pachaka

Mwana akalandira kalata yomuitana ku sukulu ya kutsidya kwa nyanja, mudzi wonse umasekerera, ndipo nkoyenera kutero. Komatu kawirikawiri abale amangomva liwu lakuti "ku Ulaya", nayesa kuti Ulaya yense ali monga London. Tsono nkhani ya lero ikunena za mzinda umodzi wa kutali kumpoto, dzina lake Tromsø, m'dziko la Norway, kumene ena amapita atatsiriza digiri yoyamba. Cholinga chake nchakuti makolo adziwe chimene mwana wawo akakomana nacho, ndiponso chimene sayenera kumpempha ali komweko.

Mzindawu unamangidwa pa chilumba, makilomita ngati 350 kumpoto kwa mzere umene olemba mapu amautcha Arctic Circle. Anthu ake ngoposa 70,000. Njanji sifikako. Wochokera kuno amatera ku Oslo, likulu la dzikolo, nakweranso ndege ina pafupifupi maola awiri. Nyumba ya Malamulo ya Norway inavomereza mu 1968 kuti kumeneko kukhale yunivesite, ndipo Mfumu Olav V inaitsegula mu 1972. Chifukwa chake chinali ichi: chigawo cha kumpoto chinkasowa madokotala ndi anthu ena ophunzira, pakuti ana ake akapita kumwera kukaphunzira, ambiri sankabwerera. Munthu aliyense wa m'boma lakutali ndi tauni amalidziwa bwino dandaulo limeneli.

Kodi mwana wa kuno akafunanji ku dziko lotere? Maphunziro alipo ambiri, koma otchuka ndi a zausodzi. Anthu a kumeneko akhala akudalira nsomba yotchedwa cod kuyambira kalekale. Amaiyanika pa mitengo, monga asodzi a kunyanja ayanikira usipa pa thandala, naigulitsa kutali, ku Italy ndi ku Nigeria. Nsombayi imakulira m'nyanja ya Barents, imene Norway ndi Russia amagawana, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 maiko awiriwa akhala akupangana chaka ndi chaka kuchuluka kwa nsomba zoyenera kugwidwa. Munthu wochokera ku nyanja imene magombe ake ali m'maiko atatu, ndi kumene chambo chikusowa, ali ndi zambiri zoti akamve kwa anthu otere.

Abale ambiri amaopa kuzizira, koma sindilo vuto lalikulu. Madzi ofunda oyenda m'nyanja kuchokera kumwera amachititsa kuti doko la Tromsø lisaume, ndi kuti mphepo isafike poipa monga m'madera ena a kumpoto. Chipale chofewa ndicho chimagwa kwambiri: mu Epulo 1997 chinaunjikana kufika masentimita 240, kupitirira chitseko cha nyumba. Ngakhale zili tero, nyumba zawo nzofunda, ndipo munthu akagula chikhoti chabwino ndi nsapato zosaterera, nkhani ya kuzizira yatha.

Mdima ndiwo umagwetsa anthu. Wophunzira amafika mu Ogasiti, kunja kukali kowala, nayesa kuti onse omuchenjeza aja ankangokokomeza. Pang'ono ndi pang'ono masana amafupika, ndipo kumapeto kwa Novembala dzuwa limaleka kutuluka. Silionekanso m'mzindamo kufikira cha pa 21 Januwale. Masana pamangokhala kachisisira kobiriwira kwa maola owerengeka, kenaka kwadanso. Munthu amene anazolowera kudzuka ndi tambala, nadziwa nthawi poyang'ana mthunzi, thupi lake limasokonezeka: usiku tulo sitibwera, m'mawa sangathe kudzuka, mabuku salowa m'mutu, ndipo mtima umalemera popanda chifukwa chooneka. Ena amachita manyazi kunena zimenezi kwawo, poopa kutchedwa aulesi. Si ulesi ayi, pakuti eni dziko omwe amavutika nazo. Nchifukwa chake amamwa mafuta a chiwindi cha nsomba, kapena mapiritsi a vitamini D amene thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Ndipo munthu wa khungu lakuda ndiye ayenera kusamala koposa, popeza khungu lake limafuna dzuwa lochuluka kuti lipange vitamini ameneyu. Tsiku limene dzuwa lisuzumiranso pamwamba pa mapiri, ana ndi akulu amakondwerera, nadya timabanzi totsekemera. Nkhani yake imaseketsa kwa amene sanakhale mumdima miyezi iwiri.

Kenaka zinthu zimatembenuka. Kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka chakumapeto kwa Julayi dzuwa sililowa konse, kotero kuti wofuna kugona amatchinga mazenera ndi nsalu zochindikala. Asilamu a m'mzindamo, Ramadan ikagwa m'miyezi yotere, ambiri amatsata maola a ku Mecca, pakuti kudikira kulowa kwa dzuwa sikungatheke.

Palinso kusungulumwa. Anthu a ku Norway sapatsa moni mlendo m'basi kapena pamsewu. Si chidani, ndiwo mkhalidwe wawo, koma kwa mwana woleredwa m'mudzi nchinthu chopweteka. Kusukulu mphunzitsi wamkulu amaitanidwa ndi dzina lake loyamba, ndipo amayembekeza kuti wophunzira amtsutse ngati ali ndi chifukwa. Palibe womlondola kuti awerenge. Amene amadikira kuuzidwa chochita amazindikira mochedwa kuti nthawi yolemba kafukufuku wake yapita.

Tsono nkhani yofunika koposa kwa makolo ndi ya ndalama, ndipo pano mpamene mabanja ambiri amalakwira ana awo. Amene anapitako kale amasimba kuti ku Norway sukulu ndi yaulere ndipo boma limathandiza alendo. Zinali zoona pa nthawi yawo. Kunali thandizo la boma lotchedwa Quota Scheme, limene linkalipirira ophunzira a m'maiko osauka, koma linathetsedwa mu 2016. Ndipo mu 2023 dzikolo linayamba kulipiritsa fizi ophunzira ambiri ochokera kunja kwa Ulaya, kuphatikizapo a ku Afirika. Chotero banja lisagulitse ng'ombe kapena munda chifukwa cha nkhani za anthu akale; mwanayo ayambe walembera sukuluyo, afunse mtengo wa chaka chimenecho, ndipo adziwe bwino amene adzaulipire. Kuwonjezera apo, boma silipereka chilolezo chokhala m'dzikomo kwa wophunzira amene sanaonetse kuti ali ndi ndalama zodyera ndi zogonera za chaka chathunthu.

Makolo asiyanitsenso madigiri awiri. Wophunzira digiri yachiwiri, ya Masters, amakhala zaka ziwiri wopanda malipiro. Lamulo limamlola kugwira ganyu maola 20 pa mlungu, ndipo kandalama kotsuka mbale m'hotela kamathera pa lendi ndi chakudya, pakuti Norway ndi limodzi mwa maiko odula zinthu koposa. Akakasintha m'makwacha kamaoneka kochuluka, ndipo chinyengo chili pomwepo. Koma wochita digiri yachitatu, ya PhD, kawirikawiri amalembedwa ntchito ndi yunivesite kwa zaka zitatu kapena zinayi, nalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Ameneyo angathe kuthandiza kwawo. Winayo akapemphedwa malata, feteleza ndi fizi ya ang'ono ake, amawonjeza maola a ganyu. Akapitirira malire a lamulo, kapena akalephera mayeso, chilolezo chake chimakhala pangozi, ndipo angabwerere wopanda pepala limene anapitira.

Chimene mwana wotere amasowa m'mwezi wa Disembala ndi liwu la kwawo. Kumuimbira foni sikuvuta, popeza m'nyengo ya mdima nthawi ya ku Norway imatsalira ndi ola limodzi lokha poyerekeza ndi ya kuno, ndipo m'nyengo ya dzuwa imafanana ndendende. Mayi akaweruka kumunda masana, dzuwa lili paliwombo, angathe kumuimbira, namuuza za mvula ndi mmera, namfunsa ngati wadya ndi ngati wagona.