Kusintha oyilo wa pikapu koyamba pakhomo

Alimi anzanga, amayi ndi abambo, lero tichoka pang'ono m'munda tipite pansi pa galimoto. Ena a inu ku Chintheche, Kande ndi Mpamba muli ndi pikapu, yanu kapena ya gulu, imene imanyamula ufa wa kondoole, nthochi, mpunga ndi usipa pamsewu wa M5 kupita ku boma ndi ku Mzuzu. Injini ikanoka chifukwa cha oyilo wakale, phindu la chaka chonse limathera kwa makaniko, nthochi n'kumapsera pakhomo. Komatu kusintha oyilo ndi ntchito imene mungaigwire nokha.

Oyilo amafewetsa zitsulo zimene zimakhuzana m'injini, amaziziritsa, ndiponso amatola litsiro. Akakalamba satha kugwira ntchito zitatuzi. Kwa pikapu yadizilo yoyenda m'fumbi ndi katundu wolemera, monga yokwera mapiri a ku Usisya, sinthani pa makilomita 5,000 aliwonse kapena pakatha miyezi 6, chimene chayamba kukwana.

Musanayambe, sonkhanitsani zonse. Injini zambiri zadizilo, monga za Toyota Hilux zakale, zimalandira oyilo wolembedwa 15W-40, koma onani m'buku la galimoto yanu mtundu wake ndi malita ake. Gulani wam'chigubu chomata, osati wothiridwa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Mufunikanso fyuluta yatsopano ya nambala yofanana ndi yakale, washala watsopano, sipanala yokwana bwino pabawuti, nsanza, botolo lodula lothirira, ndi chigubu cha malita 20 chodula m'mbali cholandirira oyilo wakuda.

Choyamba, imitsani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, osati pamchenga wa kunyanja. Lizani injini mphindi 5 kuti oyilo afunde, kenako zimitsani ndi kuika kiyi m'thumba mwanu. Kokani handibuleki, ikani giya, ndipo tchingani matayala ndi miyala. Pikapu zambiri n'zazitali moti munthu amalowa pansi popanda kuikweza. Musalowe pansi pa galimoto imene yakwezedwa ndi jeki yokha. Jeki ikaterereka sipereka mpata wothawa. Ana akhale kutali, koma wamkulu mmodzi akhale pafupi nanu.

Chachiwiri, tsekulani chotsekera cha pamwamba pa injini, kenako pezani bawuti ya pansi pa sampu, kumene kumakhala oyilo. Samalani apa: giyabokosi nayo ili ndi bawuti yake chakumbuyo. Mukamasula imeneyo, mudzakhetsa oyilo wa magiya n'kuwonjezera wina m'injini yodzaza kale. Ikani chigubu, masulani bawuti, ndipo mumalize ndi zala mosamala chifukwa oyilo amatentha. Dikirani mpaka ayambe kudontha limodzilimodzi.

Monga timachitira poyendera munda, yang'anani musanataye. Oyilo wadizilo kuda bii si vuto. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa m'injini. Mukaona tizitsulo tonyezimira, china chake chikudyeka mkati. Zikatero, pitani kwa makaniko musanayende ulendo wautali.

Chachitatu, bwezerani bawuti ndi washala watsopano. Yambani ndi zala kuti ilowe mowongoka, kenako mangani ndi sipanala mokwanira chabe. Osapondapo ndi phazi kapena kulumikiza paipi, mungawononge mazinga a sampu.

Chachinayi, masulani fyuluta yakale ndipo onetsetsani kuti labala yake yatuluka nayo limodzi. Ikatsalira n'kusanjikizana ndi yatsopano, oyilo amathawa yense mukuyenda. Pakani oyilo watsopano pang'ono palabala ya fyuluta yatsopano, ipotokoleni ndi manja mpaka ikhudze, kenako onjezerani pang'ono osakwana kuzungulira kamodzi. Manja okha akwanira.

Chachisanu, thirani oyilo koma musamalize muyeso wonse. Dikirani pang'ono, solani kandodo koyezera, kapukuteni, kalowetseni ndi kukasolanso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri, chakufupi ndi cham'mwamba. Kudzaza mopyola kumawononganso injini. Tsekani, lizani injini osaponda moto, ndipo yang'anani kanyali kofiira ka oyilo. Kayenera kuzima m'masekondi ochepa. Kakapanda kuzima, zimitsani nthawi yomweyo. Suzumirani pansi ngati pakudontha, zimitsani, dikirani mphindi 5, yesaninso ndi kuwonjezera ngati wachepa.

Tsopano za oyilo wakuda. Ife timakhala m'mbali mwa nyanja, ndipo chimene chatayidwa pansi mvula imachitengera ku Luweya ndi mitsinje ina, mpaka kumene timatunga madzi, kuviika chinangwa ndi kupha usipa. Musamuthire m'ngalande, m'dimba, m'chimbudzi kapena pafupi ndi mjigo. Musamupake pazilonda za ziweto kapena za anthu, ndipo musamuotche. Muthireni m'chigubu chimene munagulira watsopano, tsekani, sungani kumene ana safika, ndipo funsani ku galaja kapena komwetsera mafuta ngati amalandira. Chigubu cha oyilo chisasungirenso madzi akumwa kapena mafuta ophikira. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo.

Pomaliza, lembani m'kaundula wa gulu tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo, nambala ya fyuluta ndi ndalama zimene zapita. Pa ulendo uliwonse wa kumsika, patulani kandalama ka oyilo wotsatira kuti tsiku lake lisadzakupezeni chimanjamanja. M'mawa uliwonse galimoto isananyamuke, solani kandodo kaja.

Pamsonkhano wotsatira, amene muli ndi pikapu mubwere nayo pamodzi ndi buku lake. Tidzagawana m'magulu, ndipo aliyense, amayi ndi abambo omwe, adzaloza yekha bawuti ya sampu, ya giyabokosi ndi fyuluta tisanamasule chilichonse.