Chizindikiro Chizinena Chifukwa Chake: Mawu Otsegulira Maphunziro a Osunga Mabuku

Wapampando wa mwambo uno, a mfumu eni nthaka imene taikapo mipando yathu, abusa amene mwatitsegulira ndi pemphero, akuluakulu a nyumba zosungiramo mabuku ndi zolembedwa zakale, alembi, osindikiza, aphunzitsi, amayi ndi abambo: ndithokoza kuti mwandipatsa mpando wakutsogolo ine, amene ndili mlendo pakati pa eni ntchito. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Choncho musade nkhawa, dzuwa lisanafike paliwombo ndidzakhala nditakhala pansi.

Mwasonkhana kuti muphunzire kujambula mabuku akale ndi makina, tsamba ndi tsamba, ndi kuwaika pa intaneti, kuti zimene chiswe ndi njenjete zakhala zikudya mwakachetechete m'makabati athu zipulumuke, ndiponso kuti mwana wa ku Nsanje kapena wa ku Chitipa awerenge pa foni buku limene agogo ake sanalionepo ndi maso. Za makinawo sindinenapo kanthu, pakuti pa zimenezo adzukulu athu anatiposa kale. Ndadza ndi pempho limodzi, lokhudza kachizindikiro kamene mudzaika pansi pa buku, chithunzi kapena nyimbo, konena kuti chinthuchi chilibenso mwini woletsa, ndipo aliyense angathe kuchikopera, kuchimasulira, kuchisindikiza ngakhale kuchigulitsa. Pempho langa nlakuti kachizindikiroko kasamathere pa mawu akuti "nchaaliyense", koma kazinenanso chifukwa chake.

Inu amene munakulira kumudzi mudziwa kuti munthu wofuna polima, akaona tsala lomera nsenjere ndi mitengo yophukira, sangofika ndi khasu paphewa nayamba kusosa, ngakhale odutsa m'njira onse atamuuza kuti mulibe wolima. Amayamba wapita kwa mfumu, ndipo mfumu yanzeru siyankha kuti "lima" kapena "usalime" chabe, koma imamuyalira mbiri ya mundawo: kuti mwini wake anatsikira kulichete kalekale ndipo mbumba yake inatha, kapena kuti anasamuka nausiya m'manja mwa mudzi, kapena kuti angougoneka kuti nthaka ipume ndipo chaka chamawa abwerera, kapenanso kuti kuseri kwa mitengoyo kuli manda. Matsala onsewa amaoneka chimodzimodzi kwa mlendo. Chosiyanitsa ndi chifukwa, ndipo safunsa anadya phula.

Chifukwa chimene chimamasula mabuku ochuluka ndi nthawi. Lamulo lathu la umwini wa ntchito zaluso la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989 lija linabala bungwe la COSOMA, limapatsa mlembi umwini wa buku lake moyo wake wonse, ndipo akamwalira limasungira olowa m'malo mwake zaka zina 50. Muyeso umenewu ndi wa pangano la ku Berne la 1886, limene Malawi analowamo mu 1991. Koma panganolo linangoika malire a pansi, nililola dziko lililonse kutalikitsa monga lifunira, kotero kuti Britain ndi maiko a m'bungwe la Ulaya amawerenga zaka 70, Mexico amawerenga 100, pamene America, pa mabuku ake akale, sawerengera imfa ya mlembi konse koma zaka 95 chisindikizireni bukulo. Kwa ana a Israyeli lipenga la chaka cha makumi asanu linkalira tsiku limodzi m'dziko lonse, munda uliwonse nubwerera kwa eni. Lipenga la mabuku lilira pa tsiku lake m'dziko lililonse. George Orwell anamwalira mu 1950. Buku lake la Animal Farm linamasuka m'maiko a zaka 50 pamene chaka cha 2000 chinatha, ku Britain linadikira kufikira kutha kwa 2020, ndipo ku America likhala lotsekeredwa mpaka kupyola 2040. Tsono wina akalemba pansi pake kuti "nlaaliyense", wanena zoona kwa wowerenga wa ku Zomba, wanamiza wa ku Chicago; pamene akadalemba kuti mlembi anamwalira mu 1950, natchulanso chaka chimene bukulo linasindikizidwa, aliyense akadadziwerengera yekha ndi lamulo la kwawo. Intaneti ilibe chipata cha pa Mwanza kapena pa Mchinji pomwe buku lingaimitsidwe, ndipo ana athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Leeds adzatsegula tsamba lomwelo.

Koma tisapite kutali, pakuti nkhani yovuta koposa ili pakhomo pathu. Samuel Nthara analemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira Thomas Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Cullen Young anamwalira mu 1955, kotero zaka zake 50 zinakwana kale mu 2005. Koma mwini nkhani anakhala ndi moyo mpaka m'zaka za m'ma 1970, ndipo zaka zake zikukwanira m'zaka zino za m'ma 2020. M'chikuto chimodzi muli eni awiri, wopeka ndi womasulira, ndipo mnyamata wa pa makina akangoona dzina la mzungu amene anamwalira kale, nathamangira kumata chizindikiro, adzakhala atalanda banja la Mmalawi chimene lamulo linalisungira, osati mwa njiru koma mwa changu. Momwemonso ndi madikishonale athu. David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892 namwalira mu 1907. Alexander Hetherwick anaikonzanso naitulutsa mu 1929, iye namwalira mu 1939. Onse awiriwa anamasuka tsopano, koma anamasuka pa masiku osiyana ndi pa mayina osiyana, ndipo wosunga mabuku wosamala ayenera kunena kuti wajambula iti. Ndipo mukafika pa dikishonale ya Johannes Rebmann ya 1877, imene anaisonkhanitsa kufupi ndi Mombasa kuchokera pakamwa pa Salimini, munthu wa kuno amene anagwidwa ukapolo, lamulo lidzakufunsani za imfa ya Rebmann mu 1876. Koma ine ndikupemphani kuti dzina la Salimini lilembedwe pomwepo, chifukwa kumasuka kwa buku sikufafaniza mangawa a ulemu.

Abusa andikhululukire ndikaloweko pang'ono m'munda mwawo. Mawu a aneneri ndi atumwi m'Chihebri ndi m'Chigiriki alibe mwini padziko. Koma kumasulira ndi thukuta la anthu, ndipo lamulo limaliwerengera. Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998 si ntchito imodzi, ndipo lachiwirili lili ndi eni ake lero lino. Chodabwitsa china nchakuti Baibulo la Chingerezi la King James, la 1611, limene maiko ambiri amalisindikiza momasuka, ku England kwawoko likadali pansi pa chilolezo cha ufumu, chimene osindikiza a Cambridge University Press amachigwirizira. Buku la zaka zoposa 400! Ukalamba pawokha si umboni.

Zilipo zina zimene zinabadwa zomasuka. Malamulo a dziko ndi zigamulo za makhoti siziyenera kutsekeredwa, pakuti munthu sangaweruzidwe ndi lamulo limene aletsedwa kulikopera. Nkhani yakuti mvula yagwa kapena mtengo wa chimanga wakwera ilibe mwini, ngakhale kalembedwe ka mtolankhani kali naye. Ku America zonse zopangidwa ndi antchito a boma lalikulu pa ntchito yawo nzaaliyense kuyambira tsiku loyamba, nchifukwa chake zithunzi za mwezi za NASA zili m'mabuku a sukulu padziko lonse; koma limenelo ndi lamulo la kwawo, ndipo wina asaganize kuti chilichonse chodindidwa chidindo cha boma nchomasuka, pakuti boma la Britain, limene malipoti ake a Nyasaland adzaza mashelufu a National Archives ku Zomba, limasunga umwini wa zolemba zake kwa zaka zoikika. Zilipo zinanso zimene mwini wake, ali moyo ndi maso ake, anazipereka mwaufulu. Bungwe la Creative Commons linaona kusiyanaku, nilipanga zida ziwiri: CC0 ya 2009, imene mwini amavulira nayo umwini wake, ndi Public Domain Mark ya 2010, imene wosunga amaika pa chinthu chomasuka kale. Kusokoneza ziwirizi ndi kupereka mphatso ya chinthu chosakhala chako.

Tsopano ndifike pa zimene zimaoneka zomasuka koma sizili choncho, pakuti apa mpamene ambiri adzapunthwa. Mudzatsegula bokosi la zithunzi zachikasu, zonunkha chinyezi, zina zomatirirana. Kuseri kwa chimodzi mudzapeza pensulo yofufutika yonena za ukwati wa pa mishoni, popanda chaka, popanda dzina la wojambula. Mtima udzati: "Mwini wake ndani? Nchaaliyense." Ayi. Kusapezeka kwa mwini si kusakhalapo kwa mwini, ndipo chizindikiro choona pamenepo nchakuti mwini anafunidwa koma sanapezeke. Ngakhale makalata a amishoni amene sanasindikizidwepo, osungidwa ku Edinburgh, ambiri a iwo lamulo la Britain likuwateteza kufikira kutha kwa 2039, ngakhale olembawo anagona m'manda zaka zoposa 100 zapitazo.

Ndipo choposa zonse ndi chuma cha makolo: nthano, miyambi, zilapi, nyimbo za pamtondo, za chinamwali ndi za maliro. Alendo ambiri amati izi zilibe mlembi wodziwika, nzakalekale, choncho nzotola. Lamulo lathu silitero: linaika umwini wa chikhalidwe cha makolo m'manja mwa boma, m'malo mwa anthu a Malawi, popanda chaka chothera, kotero kuti wofuna kuchita nazo malonda ayenera kupempha chilolezo. Hugh Tracey anayenda m'midzi yathu m'zaka za m'ma 1950 najambula mawu a oimba a bangwe, a mangolongondo ndi a ng'oma, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University ku South Africa; m'nyimbo imodzi yotere muli gawo la wojambula, gawo la woimba, ndi gawo la mtundu umene unaibala, ndipo gawo limodzi likamasuka enawo samasukira limodzi. Nanga Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005? A mfumu ali panowa adziwa kundiposa kuti zilipo za kudambwe zimene, ngakhale malamulo onse a m'mabuku atazilola, mwambo sulola kuti zionetsedwe kwa osameta. Pa zoterozo wosunga mabuku asadalire lamulo lokha. Apite kwa eni mzinda, akhale pansi, amve.

Wina adzati ntchitoyi ichedwetsa, mabuku ndi ambiri, antchito ndi ochepa, ndalama za makina zili ndi tsiku lothera. Ndivomereza kuti ichedwetsa; koma kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo taganizani za mphunzitsi amene, pokhulupirira chizindikiro chanu, asindikiza timabuku ta ana ake ndi ndalama za makolo, kenaka nalandira kalata ya loya; kapena za mlembi wachinyamata amene aopa kumasulira buku lomasuka kale, chifukwa palibe anamuuza chifukwa chake nlomasuka. Woyambayo mwamugwetsa m'mbuna, wachiwiriyo mwamutsekera nkhokwe imene inali yake. Palinso ichi, chakuti malamulo amasintha: maiko a ku Ulaya atatalikitsa zaka kuchoka pa 50 kufika pa 70 m'zaka za m'ma 1990, mabuku ena amene anali atamasuka anabwereranso m'manja mwa eni. Tsiku lotere likatifikira ife, nyumba imene inalemba zifukwa idzasankha mabuku okhudzidwa m'mawa umodzi, pamene imene inangolemba "nchaaliyense" idzayambanso kufufuza kuyambira pa shelufu yoyamba. Osonkhanitsa zithunzi a Wikimedia Commons anaphunzira zimenezi, ndipo salandira chithunzi chongoti nchomasuka popanda kunena ngati nchifukwa cha imfa ya mwini, cha boma la America, kapena cha mphatso.

Choncho pa khadi la chinthu chilichonse palembedwe dzina la wopeka ndi la womasulira kapena wojambula ngati alipo, chaka chimene aliyense anamwalira, malo ndi chaka chimene chinasindikizidwa koyamba, lamulo la dziko limene mwayezera, ndipo pansi pake dzina la wofufuzayo ndi tsiku, kuti wobwera pambuyo adziwe wokamufunsa. Pomwe mwakayika, lembani kuti mwakayika, ndipo funsani a COSOMA musanamate chizindikiro. Ndipemphanso akuluakulu a nyumba zosiyanasiyana amene muli pano kuti musabalalike musanagwirizane mawu amodzi a Chichewa olembera zifukwazi, kuti khadi la ku Zomba ndi la ku Mzuzu zizinena chinthu chimodzi.

Wapampando, a mfumu, amayi ndi abambo, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti maphunziro ano atsegulidwa.